Anandifunsira M'manda a ku Camster

Lybster, Caithness
14 Juni 2019

Okondedwa achemwali anga Dolina,

Kalata yanu ndinalandira pamodzi ndi chithunzi cha chipinda chomwe mwandikonzera ku New Zealand kwanuko. Makatani ake ndi okongola zedi. Koma khalani pansi kaye, chifukwa za kusamuka kwanga zija zasokonekera, ndipo wolakwa ndine.

Chindichitireni opaleshoni ya chiuno, dokotala anati ndiziyendayenda. Ndiye Loweruka lililonse ndimazungulira mabwinja ndi a Sinclair Bremner, aja ankaweta nkhosa kuseri kwa tchalitchi, omwe inu munkati pakamwa pawo panachita dzimbiri. Takwera malinga a pamapiri, talowa nsanja zozungulira za makolo zija za m'mbali mwa nyanja, mphepo ikutikankha, nsapato zili matope okhaokha. Ine wa zaka 66 kumaseka ngati mtsikana!

Sabata yatha tinapita ku manda a miyala a ku Camster. Paja polowa umachita kukwawa, mutu uli pansi. Ine ndi liuma langali ndinatsogola, iwo pambuyo. Tili pakati pa mpita, chiuno chinakana. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Ndinawauza kuti angondisiya momwemo, poti eni mandawo agonamo zaka zikwi zisanu osadandaula.

Kenako ndinamva mawu awo kumapazi kwanga.

"Elspet, musapite ku New Zealand. Ndatopa kumwa supu ndekha."

"Bambo inu, mukufunsira zidendene zanga?"

"Nkhope yanu ndimaiopa," anatero.

Ndinaseka mpaka chiuno chinamasuka chokha, ndipo ndinavomera ndili chokwawa chomwecho. Titatuluka, maondo ali bii, tinakhala pa udzu n'kumwa tiyi wa m'fulasiki kapu imodzi. Kuyang'anana kunatikanika.

Achemwali, ndikudziwa kuti chimwalirireni alamu anga nyumba yakukulirani, ndipo mumawerenga masiku oti ndifike. Zimenezi zikundiwawa, sindinama. Kalatayi ndailemba katatu.

Ukwati uli pa 7 Seputembala. Bambo ndi mayi kulibe, wondigwira dzanja polowa m'tchalitchi mwatsala ndinu nokha. Mukakwiya n'kukana kubwera ndimvetsa, koma ndidzalira. Mundiperekere moni kwa adzukulu onse. Inuyo wanu moni ndikusunga, ndidzakupatsani pamaso.

Ndine mng'ono wanu wokulakwirani, koma wokondwa,
Elspet