Chitsa cha Pichesi cha pa Malire

Okondedwa achimwene a Gideon,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino kwathu ku Nsaru. Nanga bondo la amayi lasiya kutupa? Ine kuno ku Joni ndili bwino, kungoti chisanu cha Juni chandisweratu milomo.

Uthenga wanu ndaulandira, ndipo mtima wanga ukuwira. Zoona a Chakufwa, aneba athu a m'munda, aunjika mapesi pa mtengo wa pichesi wa malemu abambo n'kuyatsa moto? Zoti amapha mbewa ndi bodza lamkunkhuniza. Mtengo uja ndiwo malire. Akufuna uchoke kuti chaka chino alowetse mizere ya fodya m'munda wa amayi.

Anthu omwewa ankandiseka kuti ndinapitira sukulu kukasinja masamba. Inde, ndimasinjadi masamba a mapichesi kumalo ofufuzira za zipatso kuno, kuti titulutsemo DNA, kaulusi kosunga malangizo onse a mtengo. Dzuwa likaomba kwambiri limaononga kaulusika. Koma mtengo uli ndi majini, timalangizo ta chibadwa, amene amapangitsa mapuloteni okonza. Ena amapeza pamene paonongeka, ena amadulapo, ena n'kulumikiza moonera mbali imene yatsala yabwino, monga amayi amachitira poika chigamba. Ntchito yathu ndi kufufuza mitengo imene imakonza msanga.

Ndinawauza abwana anga a Rosemary kuti mtengo wathu uja sunkapserera masamba ngakhale mu Okutobala. Anati popanda kuyeza sitingadziwe, komanso zoti chitsa chiphuke moto utadutsa ndi nkhani ya mizu, osati ya mapuloteni angawo. Chabwino, koma inu mwati pansi pake pakadali pauwisi, ndipo ine ndagwira pomwepo.

Pempho langa n'limodzi. Musazule chitsacho, ngakhale wina akunyengerereni kuti ndi nkhuni. Chitchingeni ndi minga, muzichithirira. Chikaphuka tidzadula mphukira n'kumezanitsa, ndipo ndikabwera tidzabzala mitengo makumi awiri kutsata malire onse mpaka kudambo. Ndikufuna mthunzi wake uzigwera pa fodya wawo m'mawa uliwonse. Ndawasungira mkwiyo, sindibisa, ndipo zokhululuka musandiuze panopa. Choipa chitsata mwini.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu anga ndi ana onse. A Chakufwa musawapatse moni wanga. Mungowauza kuti mapichesi akadzapsa, aliyense wodutsa adzatchola, kupatula iwo.

Ndine mlongo wanu,
Ezeliya