Kamakina Kakana Chala cha Amayi

Lachitatu. Kwachita nkhungu tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo.

Ku ofesi ya esiteti yathu ya tiyi kwabwera alendo awiri a zamakompyuta. Mzungu wa ku Ulaya akuti kwawo chimene amaopa kwambiri ndi akuba olowa m'makompyuta. Mnzake wa ku Kenya akuti kwawo chachikulu n'chakuti sikelo izitumiza yokha pafoni kulemera kwa tiyi. Ine kalaliki ndinati kuno ku Chipinge tikungofuna batire ya sola, kuti kompyuta isamazime magetsi akapita. Anaseka mwaulemu, kenaka n'kutulutsa kamakina koti aliyense azidindapo chala polowa ntchito.

Anapempha kameneka ndani? Si ife.

Poyesa, achinyamata onse kanawazindikira. Amayi, amene anayamba kuthyola tiyi ine ndisanabadwe, kanawakana. Tiyi anafafaniza kalekale mizere ya m'zala zawo. Kanakananso a Phiri ndi a Nambewe, okalamba anzawo.

Ndinafunsa a manijala kuti, "Bwana, nanga munthu kakamukana alembedwa bwanji?"

"Kompyuta idzati sanabwere, koma tidzakonza," anatero akuyang'ana pawindo.

Chaka chatha omwewa ankadandaula kuti nkhalamba zachuluka m'munda. Mwina ndikungowaganizira zoipa. Koma pa zonse zimene akunja ali nazo, asankhiranji chokhachi?

Madzulo ano Amayi andipempha mafuta odzola, ndipo akhala pakhonde akupaka chala chachikulu. "Mwananga, mwina mawa kandidziwa."

Woyatsa kamakinako m'mawa ndine, ndipo sindikudziwa ngati dzanja langa lidzalola kutero.