Chikwangwani m'munda mwanga

Lachinayi, 6 Malichi

Lero landiipira, ngakhale mudzi wonse umaimba. M'mawa alangizi athu a Phiri anazula chikwangwani cha bungwe kumunda wachitsanzo, komwe chimanga chinafiira osabereka, n'kudzachizika m'munda mwanga. Amvekere, "Mayi Nabanda, n'zalero lokha, alendo akapita tichotsa."

Alendo anabwera pa galimoto zitatu. Mzungu wina anajambula chimanga changa, akuti thandizo la kwawo laoneka zipatso. Chimanga chimenecho ndi mbuzi zanga ziwiri. Kuponi inandiphonya chaka chatha, ndiye ndinazigulitsa n'kugula fetereza wa m'sitolo. Koma womasulira atandifunsa, ndinagwada n'kunena kuti, "Tathokoza." Ndi pakamwa panga pomwe. Ndinaopa kuyalutsa a Phiri, poti maina a makuponi amadzera m'manja mwawo.

Alendo atapita ndinawafunsa a Phiri za dzina langa chaka chino. Anaseka. "Inu mayi, akuofesi akaona chithunzi chija adzati ndinu ochita bwino. Makuponi ndi a ovutika."

Chikwangwani chija aiwala kuchotsa. Thabwa lake ndi labwino, lingakhale chitseko cha khola. Koma m'kholamo ndikatsekeramo chiyani?