Mpira Woyera Ndinausiya Kutali

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Mwera wavuta, maboti sanalowe, usipa woti ndipikule kulibe. Ndangoswera pa shedi ya a Martin yoseweramo pulu, mipira ya pathebulo ija, kuseri kwa msika. Mpikisano wa awiriawiri ndi Loweruka, kuno ku Chipoka konkuno. Lamulo lake n'losinthana: ndikamenya ine, shoti yotsatira ndi ya mnzanga, kaya ndamwetsa kaya ayi. Monga mwa nthawi zonse ndili ndi achimwene anga a Omari. Anabwera masana atatsitsa anthu a ku boma, minibasi n'kuisiya pamthunzi. Aphonya mipira yakutali yoti kale ankamwetsa uku akucheza ndi munthu. Akuti choko chopaka kunsonga ya ndodo n'chonyowa.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Harry, katswiri wa ku boma uja, anabwera kudzaona thebulo. Pakamwa pake, akuloza ine! "Binali amangoberekedwa kumsana ndi akulu ake. Tsiku lina adzagwa." Anthu kuseka. Nane ndinaseka, koma zandikhala pamtima.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Achimwene anandikokera kuseri kwa minibasi. "Izi zisafike kwa alamu ako, zisafikenso kwa a Yakobo." A Yakobo ndiwo eni galimoto.

Maso. Akuti chichokereni Ramadani akuona ngati pali chifunga. Zapafupi akuona bwino, koma mpira ukakhala kumapeto kwa thebulo umaoneka iwiri. Ndinafunsa za pamsewu. "Msewu umenewu ndakuliramo, dzenje lililonse ndimalidziwa." Ndati tiyeni kuchipatala. Ati mpikisano ukadutsa, Insha Allah.

Kenako tinalowa mu shedi, tili awiri basi. "Iwe vuto lako umangoona mpira ukumwetsawo. Uziyamba waona pomwe mpira woyera ukaime. Undisiyire pafupi, zotsalazo ndimaliza ndine." Tayeserera mpaka dzanja kuwawa. Kumenya pansi kuti ubwerere, pakati kuti uime pompo, pamwamba kuti utsatire. Mofatsa, osati mwaukali ngati ndikuswa nkhuni. Pomaliza ndimatha kuuimika pomwe aloza ndi chala. Anandisisita m'mutu ngati mwana, ine bambo wa ana atatu.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Potuluka mu mzikiti a Yakobo anakweza dzanja ali kutsidya kwa msewu. Achimwene osayankha. Ndinachita kuwagunda ndi chigongono.

Loweruka, 10 Ogasiti

Sindikufuna kulemba koma ndilembe.

Shedi inadzaza, ena anakwera pa mabenchi. A Yakobo anabwera, anawapatsa mpando kutsogolo. M'mawa wonse zinayenda. Ndimawasiyira woyera pafupi, iwo n'kumangogwetsa. Palibe anadziwa kanthu. Tinafika mu fainolo, ife ndi Harry ndi mnzake Vitumbiko.

Gemu yomaliza. Ife tatsala ndi mpira umodzi, wofiira, ndiye wakuda womalizira. Wakuda uli kumunsi, pafupi ndi bowo la pakona. Shoti ndi yanga.

Njira zinalipo ziwiri ndipo zonse ndinaziona. Yoyamba, kudula wofiira mopyapyala, mofatsa, kulowetsa bowo lapakati. Woyera ukanatsetsereka wokha kukaima pafupi ndi wakuda. Koma kudula koteroko n'kosavuta kuphonya. Yachiwiri, kuuwomba molunjika ku bowo lakumtunda. Umenewo ngakhale mwana amwetsa, koma woyera utsalira kumtunda komweko, thebulo lonse pakati pa iwo ndi wakuda.

Achimwene anayandikira ngati akufuna choko. "Pakati, mofatsa. Ukaphonya palibe mlandu."

Ndiye Harry, mokweza: "Tiyeni tione ngati mwana ayende yekha lero."

Ndinawerama ndikulozadi pakati. Ndinaona m'maganizo wofiira ukugunda mlomo wa bowo n'kubwerera, shedi yonse ikundiseka. Ndinadzuka, ndinazungulira thebulo, ndinauwomba kumtunda. Pho! Anthu kukuwa dzina langa. Ndinakweza ndodo m'mwamba, ine chitsiru.

Nditatembenuka ndinaona nkhope ya achimwene.

Anawerama nthawi yaitali. Anadzuka, anapukuta m'maso ndi malaya, anaweramanso. Atamenya, woyera unadutsa patali ndi wakuda, mpata woti n'kudutsa dzanja, osaukhudza n'komwe. Shoti yoti Omari wa kale ankamwetsa ndi dzanja limodzi. Wina anaseka kumbuyo. "Akulu awa akuona koma?" Vitumbiko ndi Harry anapatsidwa mashoti awiri chifukwa cha kuphonyako, anamaliza yawo yotsala, anamwetsa wakuda.

A Yakobo sanaseke. Anangowayang'anitsitsa achimwene, kenako anatuluka.

Lamulungu, 11 Ogasiti

M'mawa a Yakobo anapita kwa achimwene. Akuti anawaimika pakhonde n'kuwauza awerenge nambala ya minibasi ili pamsewu. Analephera. Makiyi atengedwa. Woyendetsa tsopano ndi Innocent, yemwe anali kondakitala wawo.

Ndinapitako masana. Alamu a Asiya maso ali psuu. "Inu mumadziwa, alamu? Mumadziwa osandiuza?" Achimwene anali pa mkeka, wailesi ili pambali yosatsegula. Ndinayamba kuti achimwene, shoti ija. Anandidula. "Unamwetsa bwino. Unalowa pakatikati." Bola akanandilalatira.

Kunyumba mayi a ana akuti mwina Mulungu wapulumutsa anthu okwera minibasi ija, ndisadzizunze. N'zoona, galimoto amayenera kuisiya, ndipo ine ndimayenera kuwakakamiza Lachinayi lomwe lija. Koma akanaisiya okha, kukapereka makiyi ndi dzanja lawo, osati kuvulidwa pagulu chonchija. Ndipo pomwe ndimazungulira thebulo sindimaganiza za okwera. Ndimaganiza za Harry.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Usipa watuluka wambiri, ndayanika matandala onse. Pamsika nkhani ndi yomweyo, ati Omari watha. Wina anandiyamikira kuti ine ndiye ndinasewera. A Martin anandiitana kuti tigwetseko imodzi, ndinati dzanja likuwawa.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Avomera za kuchipatala. Alamu anati ndiwaperekeze ine, iwo atsala ndi ana.

Pa siteji minibasi yomwe inali pa mzere ndi yomwe ija. Ndinati tidikire ina. Achimwene anati ayi, tichedwa. Innocent atationa anatsika msangamsanga, manyazi ali tho, kuwatsegulira chitseko chakutsogolo. "Khalani kuno, bwana." Anakana. Tinakhala kumbuyo, pakati pa mayi wa dengu la tomato ndi thumba la mpunga, mawondo atagunda mpando. Chiyambireni sindinawaonepo atakhala kumbuyo m'galimoto imeneyi.

Anthu ena amawadziwa, amangoba kuyang'ana. Iwo maso pawindo.

Titatuluka mu Chipoka, giya inakhuluza, galimoto n'kugwedezeka. Innocent anayesanso, inakhuluzanso. Ndinaona dzanja lamanzere la achimwene likusuntha lokha pabondo pawo.

"Innocent."

"Bwana?"

"Yachitatu imeneyo usamaikakamize. Ponda kilatchi kawiri, ilowa yokha."

Anaponda kawiri. Inalowa.

Achimwene anatsamira kumpando. Patapita kanthawi anandigwira pamkono, osandiyang'ana. "Tikatsika ku boma uziyenda kutsogolo, pafupi. Usandisiye patali, njinga za kabaza n'zambiri kumeneko."