Sikuludiraiva ya Bambo Ili Pampando wa Njinga

Mlongo wanga Sipanala,

Ndikhulupirira uli bwino, paja munthu akadwala amakumbuka kwawo, koma iwe uli zii. Alamu ali bwanji? Nanga ana, akudziwa kuti ali ndi azakhali, kapena unawauza kuti unangomera wekha ngati bowa? Kuno Amayi ali bwino, mwendo uja unaphwa. Ine ndikupuma. Nkhani ndi Bambo, ndipo uwerenge utakhala pansi.

Ukudziwa kuti kanjinga kamoto kamene ndimayendera masukulu kaja, Bambo anakalanda tsiku lomwe ndinakagula. M'mawa uliwonse amatuluka ndi sikuludiraiva ya chigwiriro chachikasu ija, yomwe unakwapulidwira utatsegulira chitini cha penti. Amagwada pambali pa kabureta, ine n'kuliza injini, iwo n'kumapotoza kasikuluwu ka mpweya pang'onopang'ono, mutu atapendeketsa, mpaka injini ilire mosalala. Paja amati kabureta sakonza ndi maso, amakonza ndi khutu. Ine ndi digiri yanga yonse, ntchito yanga inali kugwira chiwongolero ndi kutseka pakamwa.

Khutu lija lapita, mlongo wanga, ndipo silinatsanzike. Wailesi ikulira moti aneba anasiya kugula mabatire. Amayi akawaitana sayankha, koma Amayi akuti zimenezo zinayamba chaka cha ukwati wawo, n'chifukwa chake sitinazindikire msanga.

Chinawaulula ndi njinga. Poti sakuimva, ankangolowetsa kasikuluwu m'kati, kufunafuna mawu amene sakubwera. Mpweya unkachepa, petulo n'kuchuluka. Ndinkayenda ndikufuka utsi wakuda ngati ndikuwotcha matayala, pulagi ili bii, njinga ikutsamwa pachitunda chilichonse. Mphunzitsi wamkulu wina anandifunsa mwaulemu ngati ndabwera kudzayendera sukulu kapena kudzapopera udzudzu.

Usandifunse chifukwa chake sindinawauze. Iweyo ukanayambira pati? Makutu amenewo ndi amene anatilipirira sukulu.

Ndiye ndinachita nzeru za anthu ophunzira. Ndinkawathokoza, n'kunyamuka, n'kukaima kuseri kwa sitolo ya matabwa, n'kubweza kasikuluwu panja ndi kampeni kosongolera pensulo mpaka injini itayera mawu. Madzulo Bambo ankamasula pulagi, n'kuipeza yofiirira bwino ngati chikhungwa cha buledi, n'kukaonetsa Amayi kukhitchini, ati aone ntchito ya munthu wodziwa. Tonse tinali pa mtendere.

Ndinaiwala kuti makutu anapita koma maso alipo. Sabata yatha atagwada, anaona mikwingwirima ya kampeni kanga pamutu pa kasikuluwu. Anapukuta ndi chala, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Ndinayembekezera kuti andizazira, ndipo ndinali nditakonza kale mayankho atatu abwino. Sanazaze. Anaika dzanja pathanki kuti adziwe ngati injini ikulira, kenako anati, "Ndiye masiku onsewa, mwana wanga, ine ndimakonza chiyani?"

Anadzuka, n'kulowa m'nyumba.

Chichokereni tsiku limenelo satuluka. Akukhala kuchipinda, pampando wa pafupi ndi kabati, akuyang'ana khoma. Mbale zikubwerera momwe zapitira. Lamba anabowola bowo lina. Ndinawalembera papepala kuti kuchipatala kuli dokotala wa makutu, kuli timakina tovala, anthu akumva. Anayankha kuti zipangizo za mtundu wawo anasiya kupanga.

Ndayesa zonse, mpaka zochititsa manyazi. Ndinalowetsa dala kasikuluwu kaja m'kati, n'kuimika njinga pansi pa windo lawo, kuti ngati sakumva aone utsi, anunkhize petulo, apse mtima, atuluke adzanditukwane. Sindinalakalakepo kutukwanidwa ngati tsiku limenelo. Katani inagwedezeka. Chitseko ayi.

Lero m'mawa ndapeza sikuludiraiva ija pampando wa njinga, ataikulunga bwinobwino m'kansalu. Mlongo wanga, chimenechi ndi chida chimene sanabwerekepo munthu, ngakhale m'bale wawo weniweni. Bambo wako akayamba kugawa zida, usandiuze kuti sukudziwa tanthauzo lake. Amayi ataiona analowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti ndisawamve akulira.

Bwera. Usaimbe foni, sangakumve, ndipo ine ndatopa n'kukuwa m'malo mwako. Usatumizenso malangizo, tili nawo odzaza kabati. Bwera pa njinga yako yamoto, ndipo usanakhote pakona upotoze kasikuluwu kako kuti ifike ikutsokomola. Ugwade pabwalo, ugwire sipanala molakwika, uoneke mbuli. Sizikuvuta, unabadwa nalo luso limeneli. Ine akhoza kundilekerera, koma iwe anakuphunzitsa ndi manja awo, sangapirire kukuona ukuwononga injini pakhomo pawo.

Akatuluka, uwakumbutse zimene anakuonetsa uli wamng'ono, zoika nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chigwiriro pafupa la kuseri kwa khutu. Ankati fupa limamva zimene khutu laphonya. Mwina fupa likadalipo. Akakonza, uwakweze kumbuyo kuti mukaiyese pamsewu, ndipo msewu wake ukathere kwa dokotala. Akakwiya, uwauze kuti nzeru zake ndi zanga, andiwonjezere pa mlandu wakale.

Ndikukupempha, mlongo wanga, ndipo ukudziwa kuti ine kupempha kumandiwawa ngati kuzula dzino. Usadikire tchuthi. Sindikudziwa ngati munthu wosadya amafika pa tchuthi.

Upereke moni kwa alamu, uwauze kuti ndikubwereka mwamuna wawo ndipo ndibweza ali wathunthu. Ana uwapsompsone. Mulungu akusunge panjira, ndipo uvale chipewa, mutu umenewo ukufunika kamodzi kano.

Kuntchito ndapita wapansi. Sikuludiraiva ikadali pampando pomwepo, sindinaikhudze. Ndikaitola ndiye kuti ndavomera.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene unkamutcha Loya