Mwa timipira muja akugulitsamo mipando

Wokondedwa Dalitso,

Uli bwanji kusukuluko? Kuno tonse tili bwino, koma ine tulo sindikuona.

Loweruka ndinakwera matatu, minibasi zakuno zija, ndi mlongo wako Tadala kupita ku Hurlingham, kunyumba yosewereramo ana ija unkasambira m'timipira, ine nditafumbata nsapato zako kuopa akuba. Tinapeza akugulitsamo mipando. Ndinangoima pakhomo. Tadala anandikoka dzanja nati, "Azakhali, tiyeni. Ine ndakula, ndinangokuperekezani."

Mawu amenewa akundidya. Bambo ako anandiitanira kudzalera ana. Ana akula, ndiye adzandisungiranji? Kumudzi ndilibe ngakhale munda.

Ukamawaimbira foni bambo akowo undilankhulireko, mwana wanga, koma usanene kuti ndakutuma. Mulungu akusunge, ndipo uzivala juzi.

Ndine azakhali ako,
Nabanda