Dzina Limene Ndinalumpha pa Kolona Yanu

Amayi anga, kodi kwacha bwanji uko muliko?

Kuno ku Makanjira dzuwa la Okutobala latiwamba mpaka nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa, koma tili moyo ndithu. Mdzukulu wanu Agata anachira bwinobwino mwezi wathawu. Kwabadwa mwana wamkazi ndipo tamutcha dzina lanu. Pakamwa ndi panu pomwe: akayamba kulira, mudzi wonse umadziwa kuti wadzuka. Chinangwa chachita bwino, kupatula cha m'mbali mwa phiri chimene anyani anagawana osatifunsa. Mbuzi yanu yaliuma ija idakalipo. Yatafuna chitenje changa cha kutchalitchi nditachiyanika, ndipo ndinalephera kuimenya chifukwa cha inu.

Koma sindinagwire cholembera chifukwa cha mbuzi, Amayi.

Dzulo linali tsiku la woyera wanu uja, sisitere wa Chifundo cha Mulungu. Galimoto ya ansembe inafera panjira, choncho tinapemphera ndi akatekisti. Itakwana 3 koloko masana, amayi a mphakati wathu anandikhazika pamalo panu kuti nditsogolere kolona. Mwambo wake ndi womwe uja munauyambitsa nokha mutangofika kuno kuthawa nkhondo ku Mozambiki: pa tsikuli mkanda uliwonse umatchulidwa dzina la munthu, onse n'kuyankha kuti, "Mumuchitire chifundo." Paja munkati, "Mulungu sayiwala mayina, oyiwala ndife."

Mkanda woyamba unali wa achimwene a Lukasi chaka chilichonse. Ngakhale atakwatira kwa Mponda n'kulowa Chisilamu, anthu n'kuyamba kuwaitana kuti a Saidi, inu simunawachotse pamenepo. Ine dzulo ndinawalumpha. Ndinayamba ndi Agata. Palibe amene anayankha, tchalitchi chonse chinangoti zii. Kenako anzanu aja a Marita anandigwira chigongono n'kunena chapansipansi kuti, "Mwana wanga, wayambira pakati. Mayi ako ankayamba ndi Lukasi." Ndinalitchula dzinalo, a Marita n'kuyankha mokweza.

A Marita akuganiza kuti ndinayiwala. Sindinayiwale ayi, ndinachita mantha ndi dzinalo.

Sabata lanu lomaliza lija, muli gone pamphasa, munandiuza katatu kuti, "Muimbire mlongo wako abwere." Ndinatuluka ndi foni, ndinakaima kuseri kwa nkhokwe, n'kubwerera kudzakuuzani kuti akwera lole ya mawa. Sindinaimbe, Amayi. Lole iliyonse ikamveka pamsewu munkadzutsa mutu, ine n'kumati, "Si imeneyo, mwina ikubwera m'mbuyomu." Munapita Lachinayi mukuyang'ana kukhomo.

Ndinali ndi nsanje, ndinene mosabisa. Zaka ziwiri ndinakusambitsani ndekha, kukutembenuzani, kukuchapirani. Achimwene ankangotulukira mwa apo ndi apo ndi kapaketi ka shuga ndi sopo, inu n'kusangalala ngati kwabwera abishopu. Mumtima ndinati nawonso amveko kuwawa. Mutu wanga woumawu sunandiuze kuti woyamba kumva kuwawako mukhala inuyo.

Pamaliro achimwene anafika maso ali psuu. Titachoka kumanda ananditengera pambali n'kundifunsa kuti, "Mlongo wanga, kodi amayi anandifunsako?" Ndinangoyang'ana pansi osayankha, ndipo iwo anamva kuti ayi. Chichokereni tsiku limenelo sanapondenso kuno. Alamu anga anauza Agata kuti achimwene amakhulupirira zoti munapita muli nawo chakukhosi chifukwa chosiya mpingo, ndipo dzina lanu likatchulidwa m'nyumba mwawo amatuluka panja. Chaka chatha ndi miyezi akusenza mlandu umene si wawo.

Ndinakalapa pa Pasaka, ansembe n'kundikhululukira machimo. Ndinatuluka ndikudziyesa wopepukidwa. Koma chikhululukiro chimenecho chinathera pakhomo pa tchalitchi, kwa Mponda sichinafike. Dzulo ndinagwada kupempha chifundo cha dziko lonse lapansi, pomwe ndikumumana mlongo wanga mawu amodzi okha. Ndinachita manyazi, Amayi, ndipo mpaka pano manyaziwo sanandichoke.

Loweruka lino ndikupita kwa Mponda. Agata wavomera kuyang'anira pakhomo. Ndikawauza achimwene zonse pamaso pa akazi awo, osachotsera kapena kukometsa. Akandithamangitsa, adzakhala kuti sanalakwe, ndipo sindikawakakamiza kuti andikhululukire. Ndikungofuna mwana wanu adziwe kuti munamuitana katatu, komanso kuti zaka zonsezi, m'tchalitchi chimene anachisiya, dzina loyamba kutuluka pakamwa panu linali lake.

Limeneli ndi lonjezo langa kwa inu, ndipo ulendo uno sindikunama.

Ndimakukondani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Telezia